Gudumu la Kumanzere

"Mmangeni, a Sajeni! Ndi wamfupiyo, wa ovolosiyo! Mmangeni asanatuluke pageti!"

Sajeni anali asanazimitse n'komwe njinga yake yamoto. Anavula chipewa n'kumwaza maso pabwalo. Anali mayi wapolisi amene phokoso la anthu silinkamuthamangitsa.

Wokuwayo anali Mayi Matenti. Anthu ankawatchula choncho chifukwa chimwalirire amuna awo ankadyera kubwereketsa matenti, jenereta ndi kalavani kwa anthu okagona kutchire. Wamfupi uja anali makanika, a Jeke, amene ankati akalowa pansi pa galimoto simungadziwe kuti jeke weniweni ndi uti. Anaima pafupi ndi kalavani, m'manja muli kapaketi, kukamwa kuli yasa.

"Chabedwa n'chiyani?" anafunsa Sajeni.

"Jenereta ndi mabatire onse a sola! Dzulo ine ndi mwana wanga tinakwera basi kukaona amayi anga kuchipatala. Tabwera madzulo otopa, sitolo sitinaitsegule. Lero m'mawa ndikuti ndiyambe kulongedza, muli mbee! Mawa mwana wangayu akutenga ana a m'kalasi mwake kukagona kuphiri, makolo akudikira, ndiye ndiwauze chiyani?"

Sajeni anapita kusitolo n'kugwira loko. Anali wabwinobwino, wosakalika n'komwe.

"Sanathyole. Makiyi amasunga ndani?"

"Ine, alamu angawa, ndi mwana wanga. Koma dzulo m'mawa ndinabwereka a Jeke kiyi wanga kuti atenge zida. Ndiye anaima n'kumaisisita jenereta ija, amvekere, 'Iyi ndiye makina, mayi.' Makina! Tsopano aionera pafupi."

"Kuyamikira chinthu kwasanduka mlandu?" a Jeke anadandaula. "Zaka zonsezi ndakusamalirirani kalavaniyi ngati mwana wanga!"

"Khalani pamenepo, musachoke," anatero Sajeni. "Ndikufuna ndimve wina aliyense payekha."

*

Alamu aja anali mng'ono wa malemu, ndipo ndiwo ankayendetsa pikapu ya pabanjapo. Anali munthu wa mimba ndi nthabwala.

"Ine dzulo? Ndinali kumpira, mayi. Titagoletsa ndinakuwa mpaka mawu kutha, tamverani mmene ndikumvekeramu. Pikapu ndinaisiya pomwepa, makiyi m'thumba. Kumpira sindipita ndi galimoto, chifukwa tikaluza ndimaiwala mabuleki."

"Anakuonani ndani?"

"Bwalo lonse! Mimba iyi simabisika."

Wachiwiri anali mnyamata wotomera mwana wa Mayi Matenti. Ukwati unali usanachitike koma mayiwo ankamutchula kale kuti mkamwini. Ena onse ankangoti a Taye, poti ngakhale Loweruka ankamanga taye. Ankayankhula motsitsa mawu, manja atawalumikiza kutsogolo.

"Zikomo kwambiri, a Sajeni. Ine dzulo ndinali ku ofesi tsiku lonse. Pano ndafika lero, amayi atandiimbira foni. N'zomvetsa chisoni zedi. Sindikufuna kuloza munthu chala, komabe munthu wakunja akagwira kiyi, mwina mukumvetsa."

"Galimoto yoyera ili panjayo ndi yanu?"

"Ndi yanga, inde. Koma ndi kakang'ono, jenereta singalowemo."

Wachitatu anali mwana wa mayi uja, Aphunzitsi. Maso anali ofiira koma mawu anali olimba.

"Kiyi wanga amakhala m'kachikwama, kachikwamako ndimakaiwala paliponse. Sindikudziwa amene waba. Chimene ndikudziwa n'chakuti ana aja akhala akuyimba za ulendowu mwezi wonse. Tikapanda kupita, ndikawayang'ana bwanji?"

Sajeni anaima pakati pa bwalo n'kuganiza. Jenereta inali ndi timagudumu take, munthu mmodzi akanatha kuikankha pathabwa n'kuikweza. Koma kuikweza mu chiyani? Anayang'ana kumbuyo kwa pikapu. Munali masamba ouma amene sanapondedwe ndi kanthu.

"Nanga kalavaniyi?"

"Imeneyo ayi," anayankha Mayi Matenti. "Sinasunthe. Singayende n'komwe, afunseni akuba anuwo."

*

A Jeke anameza mawuwo, koma atangoyamba kufotokoza za ntchito yawo mkwiyo unawathera.

"Onani, a Sajeni. Kalavani imakhala nthawi yaitali osayenda, ndiye ulendo usanachitike timayenera kutsegula mahabu, apa pamene gudumu limazungulirapa. Dzulo ndayamba kumanja. Ndatulutsa maberingi, ndawatsuka ndi parafini, ndawaumitsa. Girizi sitimangopaka pamwamba ayi. Umaika pachikhatho n'kumakanikiza beringi mpaka girizi atulukire mbali inayo. Kenako siili, kalabala kotseka kumbuyoku kuti girizi asatuluke, madzi ndi fumbi zisalowe. Umaikhoma pang'onopang'ono ndi kathabwa. Ukatero umamanga nati uku ukuzunguza gudumu, n'kuibweza pang'ono kuti lipume, n'kulowetsa pini yoletsa natiyo kumasuka. Kumanja kunatha bwinobwino."

"Kumanzere?"

"Kumanzere siili imene anandigulitsa inali yaikulu. Ndiye ndinabwezera habu popanda siili, nati ndinangoimanga ndi zala, pini ndinapita nayo. Ndinawauza mayi, alamu awo ali pomwepo, kuti wina asaikoke kufikira nditabwera. Siili yoyenera ndi iyi ndabwera nayoyi. Wakuba amabwerera ndi siili?"

"Tsegulani ndione."

A Jeke anakweza kalavani, n'kugwira tayala pamwamba ndi pansi kuti aligwedeze. Silinagwedezeke. Anayesa kulizunguza. Linayenda movutikira, likulira ngati mchenga m'mano.

"Aa?" anatero, nkhope itasintha.

Anakomola kachivindikiro ka habu ndi sikuludiraiva. Munatuluka phala lotuwa, lonunkha ngati chinthu chopserera.

"Girizi wanga ndi wofiira! Uyu wasanduka chonchi chifukwa wamwa madzi!"

"Dzulo mvula inagwa?"

"Ngakhale dontho," anatero alamu.

Sajeni anagwada, osasamala za yunifolomu. Anapukuta nati ndi kansanza. Pabowo la pini panali chinthu chopindika. A Jeke anachikoka ndi pulayala n'kuchiika m'dzanja la Sajeni. Unali msomali wokhomera malata, wa kachipewa kobiriwira.

Mtima wa Sajeni unagunda mokoma, monga unkachitira nthawi zonse nkhani ikayamba kutseguka.

"Mayi," anatero akumwetulira, "kalavani yanu dzulo inakayenda. Inawoloka madzi, n'kubwerera pamalo pake ngati mwana wozemba kusukulu."

*

Pabwalo panabuka chipwirikiti. A Jeke anavutika kumasula nati mpaka anachita kuponda sipanala ndi phazi. Beringi yakunja itatuluka inali yabuluu ndi kutentha.

"Anaimanga ngati akumanga mlatho!" anakuwa. "Nati ya beringi simangidwa chonchi, imaotcha! Iyi ikanayenda mtunda wina, gudumu likanadutsa galimoto yoikoka." Kenako anatembenuka n'kuloza ndi sipanala. "Amene anamanga nati ankadziwa kuti ndi yomasuka. Ndinauza anthu awiri basi. Mayi anali kuchipatala. Watsala ndani?"

Maso onse anagwera pa alamu.

"Ine?" Nthabwala zinawathera. "Inu a Jeke, mwadya chiyani lero? Ndili ndi pikapu ya bodi, ndiye ndikakoke kalavani yopunduka kuti ndinyamule jenereta imodzi? Ndine wonenepa, koma si wopusa!"

"Alamu," anatero Mayi Matenti, "achimwene anu atamwalira ndinakusungani pano ngati..."

"Mlamu, musamalize mawu amenewo, mudzachita nawo manyazi!"

Sajeni anakweza dzanja. Zimene ananena a Jeke zinali zomveka, koma za alamu zinalinso zomveka. Anawasiya akukangana n'kuwoloka msewu kupita pagolosale yoyang'anana ndi geti.

Mayi wa golosale anali atadikira kale, zigongono pakauntala.

"Ndimati mufika liti! Ine ndiye sindinaone kanthu, ndisaname, ndinali kuseri ndikuchapa, madzi abwera dzulo lomweli patapita masiku, mukudziwa mavuto athu. Koma makutuwa, mayi, amamva ndi nyerere yomwe. Dzuwa lili paliwombo ndinamva geti, gwee. Patapita kanthawi, kalavani ija ikutuluka. Ndimaidziwa, imagunda pakamlathopo. Koma dzulo inkalira zachilendo, gwede, gwede, gwede, ngati bedi lakale la apongozi anga. Ndinati kodi makanika uja wakonza kapena wawononga?"

"Pobwera inaliranso choncho?"

"Ayi! Pobwera inkaimba mluzu. Tswii, tswii. Ndinali ndikuanula zovala."

"Potuluka gwede gwede, pobwera mluzu. Mukutsimikiza?"

"Ndilumbire?"

Sajeni anawoloka msewu chothamanga.

*

"A Jeke! Chotsani habu yonse, ndione ekiselo!"

A Jeke anasolola habu n'kupukuta chitsulo chimene gudumu limakhalapo. Mazinga a kumapeto kwake, omangirapo nati, anali ophwanyika. Sajeni anagubuduza tayala n'kuliyang'ana mbali ya mkati. Linali ndi mzere wopalika kuzungulira, pamene linkakhula chitsulo cha kalavani.

"Gudumu lomangidwa bwino lingakhule apa?"

"Ayi. Limakhula likamayenda likugwedera." A Jeke anakanda m'mutu ndi dzanja la girizi. "Ndiye kuti linayenda mtunda nati ili yomasuka."

"Eya! Wakubayo sanamange nati asananyamuke. Ananyamuka osadziwa kanthu. Gudumu litayamba kuvina panjira m'pamene anazindikira, n'kukalimanga kumene anafika, ndi msomali umene anaupeza pamenepo. Tisafune munthu amene anamva chenjezo lanu, a Jeke. Tifune amene sanalimve."

Alamu anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva? Mwamva, mlamu?"

"Amene sanamve, koma amatha kufika pa kiyi," anapitiriza Sajeni. "Ali ndi galimoto yokhala ndi chokokera kumbuyo. Ndipo kumene anapita kuli madzi owoloka ndi misomali ya malata obiriwira."

Aphunzitsi anatambasula dzanja. Sajeni anawapatsa msomali uja. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Mtundu uwu ndinasankha ndine," anatero chapansipansi. "Akutimangira nyumba yodzakhalamo tikakwatirana kutsidya kwa kamtsinje. Mlatho sanamangebe, timawoloka m'madzi."

"A Taye ali kuti?" anafunsa Sajeni.

Onse anacheuka. Pamene anaima mnyamata uja panalibe munthu.

"Anati akukagula mayunitsi," anatero Mayi Matenti, mawu akuzilala.

Sajeni anathamangira pageti. Galimoto yoyera ija, ya chokokera kumbuyo, inali itapita.

*

"Kwerani!" anakuwa alamu, pikapu italira kale. "Lero muona mmene malemu anandiphunzitsira!"

Sajeni ndi Aphunzitsi anadziponya kutsogolo. A Jeke anakwera kumbuyo, sipanala idakali m'manja. Mayi Matenti anatsala pageti atagwira kumutu.

Pikapu inadutsa pamsika ikuliza hutala, ogulitsa akukokera mabeseni awo m'mbali. Inasiya tala n'kulowa msewu wafumbi. Sajeni anaimbira kusiteshoni kuti atumize galimoto, foni ikumugunda patsaya ndi mabampu.

"Wathamangira chiyani?" anafunsa alamu. "Jenereta sangaikweze m'kagalimoto kaja."

"Akukaibisa. Akaikankhira m'tchire ngakhale m'dzenje, bola tisaipeze m'nyumba mwake. Pondani!"

"Ndaponda kale mpaka pansi, mayi! Mukufuna phazi litulukire kunja?"

Pokhota pena a Jeke anamenya denga ndi chikhatho. "Taonani kumanzereko! Udzu wagona, ndi pamene anaima kuti aone gudumu!" Pikapu inatsetsereka kulowa mumtsinje, madzi anathovoka mbali zonse, a Jeke anakuwa atanyowa thupi lonse, alamu n'kuseka ngati mwana.

Aphunzitsi okha sanaseke. Anali atafumbata msomali uja.

"Dzana anandipempha kachikwama kuti andisungire ndikulowa m'sitolo ya nsalu," anatero. "Kiyi wanga anali momwemo. Ndinamuthokoza."

Atakwera chitunda anaona denga lobiriwira likung'anima padzuwa, makoma asanapakidwe pulasitala. Galimoto yoyera inali pakhomo, chitseko chili chotsegula. Alamu atazimitsa injini, onse anamva kulira kwa jenereta kuseri kwa nyumba.

*

Kuseriko anapeza mkangano. Mmisiri wowotcherera zitsulo, magalasi akuda ali pamphumi, anali atatsekereza jenereta ndi thupi lake. A Taye ankamukoka malaya, taye itapotokera paphewa.

"Bwana, mwaibweretsa dzulo lomweli, mwati ndi ya apongozi mwabwereka, lero mukuti ndiikankhire kudzenje la mchenga? Mawindo atsala awiri! Dikirani ndimalize!"

"Zimitsa, iwe! Ndati zimitsa!"

"Musiyeni amalize, a Taye," anatero Sajeni. "Inu ndi amene mwamaliza."

Mnyamatayo anatembenuka. Anayang'ana kutchire, koma alamu anali ataima kale mbali imeneyo, mimba itatseka njira. Mabatire anali ataunjikidwa pakhonde, ofundikidwa ndi matumba a simenti.

Mnyamatayo analumikizanso manja ake kutsogolo, mawu n'kubwerera pansi.

"A Sajeni, pali kusamvetsetsana pang'ono. Ndinangobwereka. Ndimati nyumba ikatha ndibweza. Ndi za m'banja izi."

"Wobwereka amanena kuti anali ku ofesi? Amasiya munthu wosalakwa kuti amangidwe?"

"A Jeke akanatuluka, umboni panalibe."

"Zikomo kwambiri!" anatero a Jeke, madzi akudontha m'ovolosi. "Mwandiganizira!"

A Taye anatembenukira kwa Aphunzitsi. "Wokondedwa, iweyo ukumvetsa. Zonsezi ndimachitira iwe. Ndimafuna tsiku la ukwati ulowe m'nyumba ya mawindo, ya magetsi. Amayi akanakana ndikanawapempha, umawadziwa. Taona denga lako."

Aphunzitsi sanayang'ane denga. Anapita pa jenereta n'kuizimitsa. Pamalopo panagwa bata moti madzi a mumtsinje ankamveka.

"Za jenereta tikanakambirana," anatero. "Ndikanalira, ndikanakwiya, mwina ndikanakukhululukira. Ndikufunsa china. Unkadziwa kuti a Jeke abweranso lero kudzatsegula gudumu lija?"

"Ayi, ndinkaganiza kuti anamaliza dzulo, ndiye..."

Anadzidula yekha, koma mawu anali atatuluka kale.

"Ndiye m'mutu mwako, mawa kalavani ija imanyamuka mmene unaisiyira. Yomangira msomali. Unaimva ikulira njira yonse pobwerera." Aphunzitsi sanatsitse mawu. "Imakokedwa ndi minibasi ya ana anga, pamsewu wokhotakhota wa kuphiri, ine ndili momwemo. Unagona nazo. Lero m'mawa wandipatsa moni, wandigwira dzanja. Unakati undiuze liti?"

A Taye anayang'ana Sajeni, n'kuyang'ana mmisiri, ngati pali amene angamubwereke yankho. Mmisiri anatsitsa magalasi ake kumaso.

"Mwina sikanaguluka," anatero pomaliza.

"Mwina," anabwereza Aphunzitsi.

Anavula mphete pachala n'kuiika pamwamba pa njerwa, bwinobwino, ngati akuopa kuti igubuduka. Kenako anatembenukira kwa makanika.

"A Jeke, pepani chifukwa cha zonse zimene mwamva pakhomo pathu lero. Amayi adzapepesa okha, ndiwatengera kwanu. Kalavani ija ingachire pofika mawa?"

A Jeke anapukuta nkhope ndi mkono wonyowa, maso atawala.

"Maberingi atsopano mbali imeneyo, mazinga ndiwakonza ndi fayilo, siili ilipo. Ndikatha tikaiyendetsa pang'ono n'kugwira habu ndi dzanja. Ikakhala yozizira, auzeni ana alongedze."

Kutsidya kwa mtsinje kunamveka sailini ya galimoto ya polisi. Sajeni anatulutsa unyolo, alamu ndi mmisiri akukankhira kale jenereta kupikapu.

"Wokondedwa," a Taye anaitana, manja ali kumbuyo, "ubwera kudzandiona kusiteshoni?"

Aphunzitsi anali atagwira kale batire limodzi pakhonde. Analinyamula okha, n'kudutsa pafupi naye.

"Mawa ndili kuphiri," anatero.